Mapini M'kamwa

Tsiku lotsekera sukulu makolo ena anatuluka pageti akumwetulira, koma Atelala anatuluka atanyamula kabuku m'manja, nkhope ili ndwii. Aphunzitsi a kalasi yachitatu anali atawaitanira pambali n'kuwauza mosapsatira kuti mwana wawo wamkazi satha kuwerenga. Zilembo ankazidziwa, inde, chilichonse pachokha. Koma zikangogundana n'kupanga liwu, mwanayo ankaziyang'ana ngati anthu achilendo.

"Sindikufuna kuti abwereze kalasi, mayi," anatero aphunzitsiwo. "Komanso sindingamukankhire kutsogolo ali chonchi. Tchuthi ichi n'chachitali, ndipo mwana wotere akakhala osagwira buku, ngakhale zochepa zimene akudziwazo zimathawa. Tengani kabuku aka, aziwerenga mokweza tsiku lililonse. Tikadzatsegulira ndidzamuyesa ndekha. Akadzawerenga, apita kalasi yachinayi. Zikadzakanika, atsala."

Kutsalako kunali ndi mbola yake. Mwanayo, amene aliyense ankamutchula kuti Kabatani chifukwa anameza batani la malaya ali wokwawa, anali ndi mlongo wake wamng'ono amene ankamuti Wailesi. Dzinalo silinali lomunamizira. Ankayankhula kuyambira podzuka mpaka pogona, ndipo ankawerenga chilichonse chimene maso ake agwerapo: zikwangwani, mapaketi a sopo, ngakhale zamwano zolembedwa kuseri kwa chimbudzi cha pamsika. Iyeyu anali atakhoza kupita kalasi yachitatu. Kabatani kungotsala, ndiye kuti awiriwo akhala chipinda chimodzi, wamkulu akuchita chibwibwi kumbuyo, wamng'ono akukweza dzanja kutsogolo.

Tsono Atelala anali munthu wachangu, ndipo anthu achangu amaganiza kuti aliyense wochedwa amachitira dala. Kashopu kawo kanali kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni, makina osokera ali pakhomo penipeni kuti azilandira kuwala. Kasitomala akangoyamba kuti, "Ndimafuna diresi la..." iwo ankakhala atamuzunguliza kale tepi m'chiuno n'kumumalizira zonena zake. Ndiye kabuku ka masamba ochepa, kokhala ndi chule wovala chipewa pachikuto, kakanawavuta pati? Anachotsa zidutswa za nsalu pakampando ka pakona n'kukhazikapo mwana.

"Werenga. Ndikumva."

Makina anayamba kulira. Kabatani anaika chala pansi pa liwu loyamba.

"Chu... chu..."

"Chule."

"Chule a... ana..."

"Anapita."

"Anapita ku... ku..."

"Kumsika! Kumsika kukagula nsapato! Kodi chule wakoyu akafika liti kumsikako? Akapezatu atatseka!"

Zinkayenda choncho m'mawa uliwonse. Mwana ankaluma mutu wa liwu, mayi n'kumeza thupi lonse. Atelala sankaona cholakwika. Kwa iwo kumeneko ndiye kunali kuthandiza: munthu akatitimira m'matope umamukoka, suima pambali n'kumamuonerera. Posakhalitsa analeka ngakhale kusuzumira m'bukumo, chifukwa nkhani yonse inali itakhala pamutu. Ankaponya mawu uku akudula ulusi ndi mano, uku akupinda kolala. Ngakhale wometa tsitsi anailoweza kudzera pakhoma, moti Kabatani akakakamira pa tsamba lachitatu, mawu ankachokera kuseriko: "Nsapato zonse zinamuthina!"

Kenaka zinthu zinayamba kukoma. Chibwibwi chinachepa, chala chinayamba kuthamanga pamizere, ndipo tsiku lina Kabatani anachoka kumsika ndi chule wake mpaka kukamufikitsa kudambo osapunthwa paliponse. Atelala anaimitsa makina. Anaimbira foni bambo a anawo, amene ankayendetsa lole ndipo ankaoneka pakhomo mwa apo ndi apo, n'kuika foniyo pakamwa pa mwana kuti amve okha.

"Aphunzitsi aja amangokuza nkhani," anatero atalanda foni. "Mwana alibe vuto uyu. Chinkasowa ndi munthu wodziwa kuphunzitsa basi."

Loweruka lotsatira kunabwera azakhali a anawo, achemwali awo a bambo, kudzafupikitsa siketi. Amenewa ankakonda kunena, akuyang'ana kudenga, kuti kwawo kulibe mbuli, ndiye sakudziwa kuti mwanayu anatengera mbali iti. Atelala anali atawasungira mawu amenewa kwa nthawi yaitali.

"Khalani apa, alamu. Siketi idikire. Iwe, tenga buku lako uwawerengere azakhali ako."

Kabatani anaima chilili, n'kuyamba. Mawu ankatuluka osalala, okwera pofunika kukwera, otsika pofunika kutsika. Azakhali anavala magalasi n'kusendera pafupi kuti azitsatira ndi maso. Mwana anatsegula tsamba, n'kupitiriza za chule atalowa m'sitolo ya bakha n'kuyesa jombo zofiira.

"Taima kaye," anatero azakhali. "Alamu, jombo akunenazi zili pati?"

"Zili momwemo. Musiyeni amalize."

"Mulibe jombo muno. Pano ndikuona chule ali kale kudambo."

Atelala analanda buku. Pakati pake panali kamzere kokha ka pepala, kodulidwa bwinobwino ndi sizasi. Tsamba lonse la bakha ndi jombo linali litapita. Wailesi, amene ankadya nthochi pakhomo, anaulula asanafunsidwe kuti analidula dzana, chifukwa jombozo zinali zokongola ndipo anazimata pachikwama chake. Kabatani anali atawerenga tsamba limene kulibe, mzere ndi mzere, chala chikuyenda pa mawu ena.

Atelala anatsegula tsamba lina, n'kuloza liwu limodzi pakati.

"Ili ndi liti?"

Kabatani sanayang'ane liwulo. Anabwerera pamwamba pa tsamba, n'kuyamba kunong'ona nkhani yonse kuchokera poyambira, akuwerengera ndi chala mpaka afike pamene amayi ake analoza. Atelala anatseka mawu ena onse ndi chidutswa cha nsalu n'kusiya limodzi lokhalo. Mwana anangoti kakasi.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero azakhali akuvula magalasi, "m'kati muli nyerere. Mwana waloweza uyu, alamu. Mwaphunzitsa nyimbo."

Siketi ija inafupikitsidwa kuposa mmene mwini wake anapemphera, ndipo Atelala sanapepese. Azakhali atangokhota pakona, moto unabuka.

"Masabata onsewa! Ine kumataya mawu anga pano, iwe ukundipusitsa! Ndaimbira bambo ako foni ngati chitsiru! Ukuganiza kuti aphunzitsi adzakupatsa chule yemweyu? Bwanji sunanene?"

Kabatani ankapotokola mpendero wa diresi lake. "Sindinakupusitseni, amayi. Mawu ake mumanena ndinu. Ine ndimangosunga."

"Ohoo! Ndiye wolakwa ndine? Ndakuthandiza, ndalakwa?"

Mwana sanayankhe, ndipo Atelala anatenga chete ameneyo ngati mwano. Anaponya kabuku ka chule pamwamba pa kabati, pamene pankakhala nsalu za anthu amene anaiwala kudzatenga.

Tchuthi chinali chitadutsa pakati. Panyumba panalibe buku lina la msinkhu wake. Wometa tsitsi anabwereketsa chipepala chake cha masitayilo, koma munali mitu yokhayokha, mawu mulibe. Chimene chinali chochuluka m'shopumo ndi nyuzipepala zakale, zimene Atelala ankadulira mapatani a zovala asanakhudze nsalu. Zinali zokolekedwa pamsomali, ina yooneka ngati mkono wa malaya, ina ngati thumba, ina ngati theka la msana. Anathothola imodzi n'kumupatsa.

"Izi sungaloweze, chifukwa mawa ndikupatsa ina. Werenga."

Apa ndiye panaoneka kukula kwa dzenje. Mwana amene dzulo lake ankathamanga ndi chule tsopano ankakwawa. Ankatchula kachidutswa koyamba ka liwu, n'kudzutsa mutu, n'kuyang'ana pakamwa pa amayi ake. Liwu linkabwera, limodzi ndi kuusa moyo, nthawi zina limodzi ndi kumenya patebulo. Iye ankalibwereza, n'kutchula kachidutswa ka lotsatira, n'kudzutsanso mutu.

"Mawu ali papepala, sali pankhope panga!" ankakuwa Atelala. Koma akatero ankalitchulabe liwulo, chifukwa kudikira kunkawayabwa thupi lonse.

Dzuwa linkawotcha malata, thukuta lili kamukamu, ntchito ya mayunifomu a sukulu itayamba kuwunjikana. Kabatani anayamba kudwala m'mimba m'mawa uliwonse nthawi yowerenga ikakwana, n'kuchira masana. Atelala anayesa kunyengerera ndi maswiti, anayesa kuopseza, anayesa kumuika Wailesi kuti akhale mphunzitsi. Zomalizazi ndiye zinali kuthira mchere pabala. Wailesi ankawerenga pepala lonse mofuula, n'kuwonjezera ndemanga zake, mchemwali wake atangogwira tsaya.

Madzulo ena akusesa m'shopu, Atelala anamva anawo akuyankhula pakhonde. Mawu a Kabatani anali otsika, opanda misozi, ngati munthu wamkulu wokonza za ulendo.

"Tikadzakhala kalasi imodzi, iwe usamadzakhale pafupi ndi ine. Ndipo usamadzanene kuti ndine mchemwali wako. Udzingoti tinafanana dzina."

Atelala anaima ndi tsache m'manja. Anafuna kutuluka kuti akamukalipire, koma sanapeze chomukalipira nacho. Zinawapweteka kwambiri, ndipo popeza analibe pothira ululuwo, anasesa mwamphamvu mpaka fumbi linamutsokomoletsa wokonza mafoni.

M'mawa mwake kunabwera kasitomala wovuta kuposa onse, mayi wonenepa, namwino wamkulu wopuma ntchito, amene ankafuna diresi lalitali lokavala paukwati wa mdzukulu wake. Diresi linali litatha, kutsala mpendero. Atelala anamukweza pakreti ya mabotolo, n'kugwada pansi. Monga amachitira telala aliyense pogwira mpendero, anatapa mapini m'kachitini n'kuwaika pamilomo, mitu ili kunja, kuti manja onse akhale opinda nsalu. Asanatero anali ataponyera mwana patani ya mkono wa malaya.

"Usakhale chabe. Werenga."

Pamkonowo panali kankhani ka mbuzi. Kabatani anayamba mwaulesi.

"Mbu... mbuzi i... ina..."

Anadzutsa mutu. Atelala analiona liwulo ali chogwada pomwepo, chifukwa maso awo anali akuthwa. Linakwera pakhosi, linafika palilime, n'kugunda mpanda wa mapini. Dzanja lamanzere linali litagwira mpendero pamalo amene anawavutikira kupeza, lamanja lili ndi pini ina theka italowa m'nsalu. Kusiya kunali kuyambiranso.

"Mmm! Mmm-mm!" anabuula, akutuzula maso.

"Musayankhule inu," anatero namwino ali pamwamba pa kreti. "Ndaonapo anthu atameza mapini. Komanso ndamva kuti pabanja panu zomezameza zilipo kale."

Kabatani anadikira. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana namwino, koma namwino anali kalikiliki kudziyang'anira pagalasi. Wometa tsitsi anali atayatsa makina ake ometera. Wailesi anali atatumidwa kukagula ulusi. Panalibe woponya liwu. M'shopumo munagwa bata limene linali lisanagwemo chitsekere sukulu, ndipo kwa Atelala linali lalitali ngati mzere wa kuchipatala. Mwana uja, ataona kuti thandizo silibwera, anabweza maso papepala monyinyirika.

"I... na... du... Inadu..." Anapuma. Milomo inkagwedera yokha. "Dum... phi. Inadumphi... ra. Inadumphira!"

Atelala anabaya namwino pakakolo.

"Mayo! Inu, mwendo wanga si nsalu!"

Kabatani sanamve n'komwe. Chala chinali chitasunthira kale patsogolo. Mbuzi inadumphira m'basi. Pa liwu lakuti "apaulendo" mwana anagwa kawiri n'kudzuka yekha. Apaulendo anayamba kukuwa. Mbuzi inathamangira kutsogolo, kumene kunakhala dalaivala, ndipo... Pamenepo sizasi ya Atelala inali itakhota kutsata phewa la malaya, n'kudula nkhani.

"Amayi, ndiye inatani?"

Atelala anali atamaliza mpendero, mapini atatha pakamwa. Kuyambira tsiku lotsekera sukulu, aka kanali koyamba kuti mwanayu afunse chimene chili m'nkhani.

"Sindikudziwa," anatero. "Mbali inayo ili penapake pamsomalipo."

"Ifuneni," anatero namwino akutsika pakreti. "Ine sindichoka pano osamva za mbuziyo."

Anatsitsa mapatani onse n'kuwayala pansi. Kolala inali ya mpira, msana unali wa mitengo ya feteleza. Mbuzi anakaipeza pa patani ya thumba la buluku. Atelala anangoti maso papepala, nkhani yonse n'kulowa nthawi imodzi, ndipo pakamwa panatseguka kale kuti anene. Anadzigwira. Anatambasula dzanja, natapa mapini ena m'kachitini, n'kuwaika pamilomo, mpendero woti agwire palibe. Namwino anawayang'ana, n'kuyang'ana mwana. Zinatenga nthawi yokwanira kusoka malaya athunthu, koma Kabatani anawafikitsa kumapeto: mbuzi inadya chipewa cha dalaivala, n'kutsika pasiteji yotsatira ngati munthu wolipira.

Namwino anaseka mpaka kugwira chitseko. Atelala sanaseke. Anali atakwiya kuposa masiku onse, koma ulendo uno panalibe wina womukwiyira. Mwana anali atawauza poyera tsiku la azakhali lija, iwo n'kumuyesa wamwano. Theka la tchuthi linali litapita iwo akuwerenga, mwana akumvera.

Kuyambira pamenepo nthawi yowerenga inkayamba ndi kachitini. Atelala ankakhala pamakina, mapini ali ndandanda pamilomo, nkhope itafiira, mwendo ukugwedera. Musaganize kuti zinasanduka zokoma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu, koma sananene kuti wodekhayo amatuluka thukuta lotani. Liwu limene iwo akanalitchula m'kuphethira kwa diso, mwana ankalizungulira, kulinunkhiza, kulisiya, kulibwereranso. Ena ankawaphonya ndithu, ndipo amayi ake ankangogogoda patebulo ndi sizasi kuti abwerere. Tsiku lina liwu limodzi linawakwana, analavulira mapini m'dzanja n'kulikuwa mpaka wokonza mafoni anagwetsa kasikuluu. Kabatani anawayang'ana modekha.

"Amayi, mapini."

Anawabwezera pakamwa.

Wometa tsitsi anauzidwa kuti akadzangoponyanso liwu pakhoma, mabuluku ake azikasoketsa kwina. Iye anayamba kuuza makasitomala ake kuti mtendere wafika mumsewu muno, Atelala asokedwa pakamwa. Wailesi anavuta kwambiri, poti mwana sungamupatse mapini, ndiye nthawi yowerenga ikakwana ankatumidwa kukagula batani limodzi kusitolo yakutali kwambiri. Azakhali atamva anati alamu awo ayamba misala, ndipo bambo a anawo anafunsa pafoni chifukwa chake masiku ano mkazi wawo akuyankha ndi mphuno.

Mapatani a pamsomali anatha, n'kuyamba nyuzipepala zosadula. M'mimba mwa Kabatani munasiya kupweteka m'mawa. Koma liwiro linalibe, ndipo masiku anali atatha. Atelala akamagona ankawerengera m'mutu mawu amene mwana waphonya tsiku limenelo, n'kumadzifunsa ngati sanazindikire mochedwa.

Tsiku lotsegulira, ana ena ali pabwalo, aphunzitsi anawalowetsa awiriwo m'kalasi yachitatu. Kabatani anaima pafupi ndi tebulo. Atelala anapatsidwa kampando ka ana kumbuyo, mawondo n'kufika pachifuwa. Pawindo panaoneka mutu wa Wailesi, amene kalasi imeneyi tsopano inali yake, mpaka aphunzitsi anamuthamangitsa. Kenaka anatulutsa khadi lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, loti ngakhale wa kumbuyo aone.

"Usafulumire. Yamba."

Inali nkhani ya mvula. Kabatani anayamba ndi mawu onjenjemera. Mitambo inada. Mphepo inagwetsa zovala pachingwe. Mwana anapunthwa pa liwu lakuti "chingwe", n'kudzuka. Atelala anapeza kuti akupuma limodzi ndi mwana. Mzere wachitatu unayamba bwino: kenaka kumwamba kunang'anima... Chala chinaima.

Liwulo linali lalitali, ndipo Atelala analiona lonse: ziphaliwali. Dzanja lawo linapita lokha pakolala, pamene ankabaya mapini akakhala kuntchito. Panalibe kanthu. Anali atavala diresi lawo labwino.

"Zi..." anatero Kabatani. "Zi..."

Anatembenuka. Sanayang'ane aphunzitsi, anayang'ana pakamwa pa amayi ake, ndi maso omwe aja a masiku a chule, koma tsopano muli mantha. Aphunzitsi anali ataweramira m'kabati kufuna cholembera. Kunong'ona kamodzi kokha kukanakwana. Ngakhale kungoyendetsa milomo popanda mawu, mwanayu akanatola, poti pa ntchito imeneyo anali katswiri. Kalasi yachinayi inali pamenepo, pansonga ya lilime lawo, ndipo mwana wawo ankawapempha.

Atelala analuma mlomo wam'munsi, n'kugwetsa maso pansi. Anayang'ana simenti yong'ambika pakati pa mapazi awo. Anamva aphunzitsi akutseka kabati. Anamva ana akuimba pabwalo. Mumtima ankatukwana wolemba khadilo, amene anasiya mawu onse afupiafupi a m'dziko muno n'kusankha limeneli. Ankadziona ngati mayi woipitsitsa, wokana mwana wake pamaso pa anthu. M'kamwa munayamba kumveka mchere wa magazi.

"Zi... pha." Mawu anali aang'ono, olunjika kukhadi. "Zipha... li. Ziphali... wa... Ziphaliwali."

Sanakuwe mokondwa ngati tsiku la mbuzi. Anangomeza malovu n'kupitiriza. Anaphonya liwu lina kutsogoloko, n'kubwerera yekha kukalikonza. Lina analiphonya osazindikira. Anafika kumapeto mvula itakata, ana a m'nkhanimo akusewera m'matope.

Aphunzitsi anakhala kanthawi akugogoda cholembera patebulo.

"Tandiuza, zovala zija zinagwa chifukwa chiyani?"

"Mphepo," anatero Kabatani. "Akanaziika mapegi."

Aphunzitsi anabisa kumwetulira. "Liwiro palibe, mayi, ndisakunamizeni. Anzake amusiya patali, ndipo chaka chino chimuvuta. Koma uku ndi kuwerenga. Apite kalasi yachinayi. Ndikawauza aphunzitsi ake kuti azikhala kutsogolo, ndipo kunyumba musaleke. Kodi mlomo wanu watani?"

"Palibe," anatero Atelala akupukuta ndi kansalu. "Ndi dzuwali."

Anatuluka. Kalasi yachinayi inali kumapeto kwa khonde lalitali, ndipo Atelala anamuperekeza mwana. Ankafuna kunena chinachake chachikulu, koma chimene chinabwera ndi chakuti kolala ya yunifomu yapindika. Anawerama kuti ayikonze. Kabatani anawagwira dzanja, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti pasakhale womva.

"Amayi, liwu lija linakukanikani inunso, eti? Ndinaona mutayang'ana pansi."

Atelala anawongoka. Iwo? Kukanika ziphaliwali? Iwo amene analiona mwana asanafike n'komwe pamzerewo? Yankho linathamangira pakamwa, lathunthu, lotentha, ndi umboni wake womwe. Mwana anali atakweza nkhope, akuwamvera chisoni ndi mtima wonse.

Anameza.

"Linandikanika, mwanangu."

"Musadandaule. Ndi lalitali, koma silovuta. Mumangoyamba ndi kachidutswa koyamba, kenaka kachiwiri. Ndikaweruka ndidzakuonetsani." Anasiya dzanja lawo, n'kuyenda masitepe angapo, n'kucheuka. "Koma musadzafulumire, amayi. Inu vuto lanu ndi limenelo."

"Ndamva," anatero Atelala.

Anaima pakhondepo mpaka mwana analowa m'kalasi yachinayi n'kutseka chitseko.